Chimbale Chomwe Chinatchula Mbuzi Osatchula Mwini Wake

Gulu loyamba kuyimba nyimbo za roko ku Namitambo linali lathu, ndipo wotsutsa abwere ndi gulu lake tilione. Tinalipo ine pa ng'oma, msuweni wathu wina pa besi, ndi mlamu wanga, mwamuna wa achemwali anga, yemwe ankayimba uku akuliza gitala yamagetsi. Gitalayo anachoka nayo ku Joni pamodzi ndi jekete lachikopa limene sankavula ngakhale mu Okutobala. Thukuta la m'jeketemo tinkathirira mpiru. Sindikunama, mpiruwo ndinadya nawo.

Mlamu anali mkamwini pakhomo pathu, choncho tinkayeserera kuseri kwa khola la amayi. Gitala ikayamba kukalipa nkhuku zinkaleka kuikira, nandolo wa m'munda wapafupi n'kumasweka yekha osadikira kupuntha. Amayi sanadandaulepo. Anatibwereka batire lomwe ankamverera Misa pa wailesi. Ng'oma yanga itang'ambika anapha tonde wawo, nyama tinadya, chikopa tinakungira ng'omayo.

Chimbale tinakajambula ku situdiyo ina ku Limbe. Munali nyimbo ya chikondi, ya kabaza, ina yodandaula za fetereza imene ngakhale ife sitinkamva mawu ake. Koma kwathu kuno woyimba satseka chimbale osatchula anthu, ndiye nyimbo yotsiriza inali ya maina okhaokha. Mlamu anatchula wachigayo, wometa, akatekisiti, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, kondakitala amene analola ng'oma kukhala pa mpando ngati munthu. Mwini situdiyo anapita kukadya nkhomaliro, pobwera anapeza mlamu angofika kumene pa anthu a ku Mbulumbuzi. Mlamu anathokozanso tonde uja chifukwa chopereka chikopa chake ku luso.

Amayi sanatchulidwe, ndipo sikunali kuiwala. Mkamwini woleredwa satchula dzina la apongozi ake. Akawaona panjira amapatukira kutchire, ndipo nkhani zawo zimadzera mwa mkazi. Ndinamuuza mlamu kuti angoti "apongozi anga", iye anati Chiradzulu yense ndi apongozi a winawake, aliyense adzati ndi ine. Choncho pamalo pa amayi anangoikapo kulira kwa gitala kwakutali, nati ulemu woposa umenewu kulibe. Tinavomera, chifukwa tinali ndi njala.

Chimbale chinayenda. Anyamata oika nyimbo m'makadi a foni anachifalitsa mpaka ku Likoswe. Achikulire ankati gitala yathu ikulira ngati chigayo chomwe chameza mwala, ndipo ife tinkawathokoza, poti roko amafuna zimenezo. Vuto linali loti anthu ankadumpha nyimbo zonse n'kuthamangira yotsiriza kuti amve maina awo. Wachigayo atadzimva anayamba kugaya atavala tayi. Wometa anakweza mtengo. Ndikulumbira kuti kunali gogo wina amene madokotala anali atamutaya, anadzuka kufunsa ngati watchulidwa, atamva kuti inde anapempha phala.

Amayi anaimvera kuchigayo nyimboyo, pamzere, pamaso pa amayi anzawo a ku mphakati. Anamvetsera mpaka kumapeto. Mnzawo wina anati, "Koma mbuzi yanu ija yatchuka, anzathu. Inuyo mukhala mu chimbale chachiwiri?"

Atafika kunyumba anatula ufa, n'kuitana achemwali. Mlamu anali atakhala poteropo kuseri kwa nkhokwe, mapazi akuoneka.

"Ukawauze amuna ako kuti mbuzi ndaimva," anatero amayi. "Akamange nyumba kwa wachigayo, poti ndiye m'bale wawo. Mvula yoyamba isawapeze pano."

Achemwali anatembenuza khosi n'kubwereza mawuwo kuloza kunkhokwe.

"Uwauze kuti unali ulemu," nkhokwe inayankha.

"Uwauze kuti ulemuwo aupinde bwino auike m'chikwama, akaugwiritsa ntchito komwe akupitako."

Sizinali zoseka. Nyumba, munda ndi ana, zonse zinali pa nthaka ya amayi. Mkamwini akachotsedwa amanyamula khasu lake ndi zovala, ndipo mlamu analibe ngakhale khasulo. Ankhoswe anabwera kudzaweruza. Wina anati mlamu awatchule amayi pagulu nkhani ithe. Winayo anati akangowatchula ndiye kuti wawatukwana, achoke tsiku lomwelo. Kenako anagwirizana kuti chimbalecho n'chabwino kwambiri, makamaka pomwe pali maina awo, n'kubalalika.

Tinakhazikitsa chimbale Loweruka lina masana pa bwalo la sukulu. Anthu anadzaza mpaka ena anakwera m'mitengo ya mango, ndipo mitengoyo inapendekeka, ilipo mpaka lero mukhoza kukaiona. Amayi anabwera ndi mpando wawo n'kukhala kutsogolo kwenikweni, manja atapinda. Nyimbo zoyamba anthu anazipirira. Itafika ya maina, aliyense wotchulidwa ankaimirira n'kugwedeza dzanja ngati phungu.

Nyimbo itafika pamalo pa amayi paja, mlamu sanalize gitala. Anaitsamiritsa pa sipika, n'kutsika, n'kugwada pa fumbi nkhope atayang'ana kumbali. Kenako anatambasula manja onse awiri kupereka maikolofoni kwa amayi, monga momwe mwana amaperekera madzi kwa wamkulu. Msuweni analeka besi. Ine ndinapitiriza kugunda ng'oma chifukwa palibe anandiuza kuti ndisiye.

Amayi anamusiya agwade kaye. Atakhutira anaimirira, anamanga chitenje, nalandira.

"Ikumveka iyi?"

Bwalo lonse linati ikumveka.

Anadzitchula okha. Dzina la ubatizo, la kumtundu, la amayi awo, mpaka la agogo awo amene anachoka ku Mozambiki wapansi atasenza mtondo. Zonsezo zinagwera ndendende pa ng'oma yanga, ngati tinayeserera.

"Batire ndi langa," anapitiriza. "Mbuzi inali yanga. Mkazi wa woyimbayu ndinabereka ndine. Wang'omayu ndinaberekanso ndine, ngakhale sindikunyadira kwenikweni."

Kenako anayang'ana achemwali, maikolofoni ikadali pakamwa.

"Iwe, uwauze amuna ako adzuke, akudetsa thalauza ndipo wochapa ndiwe. Uwauzenso kuti denga la khitchini yanga likudontha. Alifolere mvula isanagwe, ndipo chaka chamawa adzalionenso."

Achemwali anawerama n'kumuuza mlamu zomwe anthu a ku Mbulumbuzi anali atamva kale ali kwawo.

Wina anajambula zimenezi pa foni, ndipo ndi zomwe zinafala kuposa chimbale chathu chenicheni. Anyamata a makadi anachotsa nyimbo ya fetereza n'kuikapo amayi. Lolemba m'mawa mlamu anali padenga la khitchini ndi mtolo wa udzu, amayi ali pansi kuuza achemwali kuti amuuze kuti wapotoza mzere. Mlamu akadali pakhomo pathu mpaka pano, ndipo munda amayi anamuwonjezera.