Mesha Wanga Woyamba ku Matema

Ndikukumbukira chaka chimene tidasamukira ku Tete kuchokera ku Mwanza, bambo atapeza ntchito yoyendetsa galimoto za malasha ku Moatize. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, tsitsi lalifupi monga sukulu za kwathu zinkafunira. Ku Matema, dera la m'tauni ya Tete komwe tinkakhala, zinali zina. Atsikana onse m'kalasi anali oluka, ena mesha wofika kumsana. Mtsikana wina wamtali, Zinha, adanditcha "rapazi", kutanthauza mnyamata, dzinalo n'kundikakamira ngati chisoso. Itatha sabata yachiwiri ndidauza amayi kuti kusukulu sindipondakonso, ndipo sindinkaseka.

Amayi sanali munthu wothamangira chikwapu. Adayesa kundiluka, koma tsitsi linkapulumuka m'zala. Loweruka adabwera kumsika atanyamula mesha, timitengo tooneka ngati makandulo ta kola, guluu womatira tsitsi, ndi pistola, kamfuti kamagetsi kosungunulira kolayo. Wogulitsa adawafotokozera zonse m'Chipwitikizi, iwo n'kumangogwedeza mutu atamva theka lokha.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi adandikhazika pakhonde. Adayamba ndi kundisambitsa m'mutu, kenaka n'kundidzoza mafuta a nsatsi mosaumira.

"Mwana wanga sangapite pa anthu mutu uli mbuu," adatero.

Ntchito idayamba. Ankatapa titsitsi tanga pang'ono, kudontheza kola kunsonga ya mesha, n'kupotokola ndi zala kola akadali wamoto. Fungo lake linali la pulasitiki wopserera. Kawirikawiri ndinkamva akutsonya n'kuviika chala m'kapu ya madzi, koma ine mtima unali pa kalilole basi. Dzuwa litapendeka ndidadziyang'ana, tsitsi lili pamapewa, misozi yachimwemwe n'kungotsika. Ndidagona chafufumimba kuopa kuliwononga.

Lolemba ndidalowa pasukulu ndikuyenda ngati mkwatibwi. Tidafola panja kuti tiimbe nyimbo ya fuko, ndipo amene adakhalako ku Tete akulidziwa dzuwa la kumeneko, silidikira masana. Thukuta lidasakanikirana ndi mafuta aja. Ndidamva kanthu kakutsetsereka pakhosi, kenaka kena, kenanso. Mesha unkapululuka umodziumodzi, ndipo kumbuyo kwanga kunali Zinha. Ndidangoima ndikudikira phwete la kalasi yonse, ndikulumbira mumtima kuti lero ndiye lomaliza.

Palibe adaseka. Nyimbo itatha, Zinha adandikokera kuseri kwa kalasi n'kutsegula chikwama chake. Mesha wonse wogwa unali momwemo. Ankautola asanauone aliyense.

"Wakumata ndani?"

"Amayi."

"Adakudzoza mafuta, eti? Iwe, kola ndi mafuta n'paudani! Usambe ndi sopo, liume gwa, ndiye amate." Adandiyang'ana kanthawi. "Mayi anga amamata anthu kusaluni. Kola amawotcha ameneyu. Wawaona zala amayi ako?"

Ndinali ndisanazione. Nditafika kunyumba ndidawagwira dzanja, ndipo chala chachikulu ndi chamkombaphala zinali ndi matuza otukusira. Manyazi adandigwira. Nditawauza za mafuta, adaseka mpaka kutsamira khoma.

"Ndiye chikondi changa ndi chimene chakuvula tsitsi? Katenge sopo."

Ndidakana, ndikuti tidikire matuza apole. Iwo adangokulunga zalazo ndi kansalu n'kulumikiza pistola kumagetsi. Ulendo umenewo mesha udagwira miyezi iwiri. Pomwe tinkauchotsa, tsitsi langa linali litakula lokwana kuluka, ndipo Zinha ndiye adandiluka koyamba. Sukulu sindidajombenso.

Lero ndili ndi saluni yangayanga ku Degue, mu Tete momwemuno. Tili ndi zopanira zamagetsi ndi zotchingira zala, moti ana amene ndimawaphunzitsa ntchito sadziwa kuti kola ankapotokoledwa ndi khungu la munthu. Atsikana ambiri masiku ano amanyadiranso tsitsi lalifupi, lomwe ine ndinkalirira lija.

Amayi amabwera mwezi ndi mwezi. Imvi zili mbuu, ndipo za mesha safuna n'kumva komwe. Amatulutsa kabotolo ka mafuta a nsatsi n'kundipatsira ndi dzanja lomwe lija, chipsera chikadali pachala chachikulu. Makasitomala amadikira kaye. Amayiwo ndimawakhazika pampando wabwino koposa, n'kuwadzoza mosaumira.