Kope la M'chigafa ku Ngauma

Amene akunena kuti mudagwidwa chifukwa chozembetsa fodya, malume, nthawiyo adali asanabadwe n'komwe. Atseke pakamwa.

Lero ndapeza kope lija. Munkandiphunzitsa Chingerezi mobisa m'chigafa cha fodya, poti Apwitikizi sankachifuna. Mudati, "Ukayamba chiganizo ndi mlumikizi, mphwanga, ika mpatuliro pakati, kenako umalize ganizo lako." Ndili mkati molemba, asipayo awiri, apolisi a boma, adalowa n'kufunsa kuti mwini buku la ku Nyasalande lomwe munkandiphunzitsira ndani. Lidali pamiyendo panga. Inu mudati, "N'langa, mwanayu sadziwa kuwerenga." Adakutengerani ku Cuamba, ndipo simudabwerenso.

Ngakhale ku yunivesite, komwe ndidasiyira panjira, sindidapezeko mphunzitsi wokuposani. Chiganizo cha m'kopemo chidalekera pa mpatuliro.