Tiyi wa Teni Koloko

Atagwira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akupereka tiyi ku komiti ya aphungu yofufuza momwe boma lagwiritsira ntchito ndalama, dzina lawo lenileni linangotsala m'fayilo. Aliyense ankati Mayi Ketulo. Kalata yawo ya ntchito inkanena za tiyi yekha, koma ankachapanso matawulo, kusokerera mabatani pa majekete a aphungu, ndi kutola mabuku a bajeti osiyidwa pansi pa mipando asanatsegulidwe n'komwe.

Chimodzi anachidziwa bwino: tiyi akalowa, funso limafa. Mkulu wofunsidwa ankangotafuna mawu, maso ali pa wotchi, mpaka teni koloko. Makapu akalira, wapampando ankati, "Tipume kaye." Pobwerako ankayamba mutu wina.

Amuna awo anali atagona miyezi inayi m'chipatala chachikulu, impso zitafooka. Makina otsuka magazi analipo amodzi, odwala makumi anayi. M'mawa uliwonse asanapite ku ntchito ankakawasambitsa, kuwatembenuza, n'kuchapa zofunda pampopi wakuseri, poti anamwino sankakwanira. M'mabuku otola aja ndi momwe anaona kuti makina ena atatu anavomerezedwa zaka ziwiri zotsatizana, ndalama n'kutuluka.

Tsiku limene mkulu wa zaumoyo anaitanidwa, phungu wina wamkazi anafunsa za makinawo kutatsala mphindi zisanu kuti teni ikwane. Mayi Ketulo anamva ali pakhomo. Anabwerera ndi thireyi kukhitchini, nakhala pansi.

Posakhalitsa kalaliki wa komiti anatulukira.

"Mayi, madziwo mukukatunga kumtsinje? Mabwana kukhosi kwauma."

"Ketulo ikuvuta, achimwene."

"Ikuvuta ikutulutsa nthunzi chonchi? Kapena mwayamba ndale?"

Kalaliki ananyamula yekha thireyi, Mayi Ketulo n'kutsatira ndi shuga. M'katimo mkulu uja mawu ozembera anali atamuthera, thukuta lili chuchuchu. Anali atangoyamba kuti, "Kunena zoona, makinawo..." pamene chitseko chinatseguka, makapu n'kulira. Wapampando anatseka buku.

Tsiku lomwelo Mayi Ketulo anauzidwa kuti kuyambira Lolemba azikakolopa makonde apansi, tiyi azipereka wina.

Madzulo kuchipatala anapeza amuna awo miyendo itatupa mpaka m'mawondo.

"Afunsa za makina aja?" anatero bamboyo.

"Afunsa, bambo."

"Ndiye akuti chiyani?"

"Akuti nkhaniyo adzaionanso chaka chamawa."

Bamboyo anapempha kuti awatembenuzire kukhoma.