Mfuti ya Amalume Yokana Chipolopolo Chachiwiri

Amalume anali ndi mfuti yakale ya chilolezo, yothamangitsira anyani m'munda mwathu ku Magaleta. Zipolopolo zake zitasowa, anakaisinthitsa kwa mmisiri wina ku Blantyre kuti izilandira zamtundu wina. Inabwerako ndi nthenda. Chipolopolo choyamba chinkaphulika bwinobwino, koma ukakoka chogwirira kuti chachiwiri chilowe, chinkapingasa n'kukakamira.

Ine sukulu ndinali nditaisiyira Fomu 2, ndiye kulondera chimanga kunali kwa ine ndi amalumewo. Anyani anaizindikira msanga mfutiyo. Ikalira kamodzi ankangosuntha pang'ono n'kubwereranso, amalume ali kalikiliki kutokosa ndi msomali.

"Amalume, zipolopolozi n'zazifupi kuposa zakale, n'chifukwa chake zikupendekera," ndinawauza. "Ibwezeni kwa mmisiri uja."

"Iwe wothawa mayeso ungandiphunzitse mfuti? Ikufuna mafuta basi."

Anaithira mafuta ophikira. Ndinapirira sabata yathunthu ndikuona mizere ya chimanga ikutha. M'mawa wina chipolopolo chitakakamiranso, ndinawalanda mfutiyo n'kumenya chogwirira chija ndi mwala. Chinathyoka.

Amalume anatola chidutswacho napita kwawo. Mpaka kukolola ndinkalondera ndekha ndi legeni, ndipo nkhokwe yathu sinafike n'theka lomwe.