Tsiku Limene Orval Anathira Girizi

Orval Dahlke anali munthu womana mawu. Ku tchalitchi ankakhala pa benchi yakumbuyo, abusa akangoti "Amen" iye ali kale panja. Ku sitolo ankangoloza ndi chala. Ife a kuno ku Nebraska si ife olongolola, koma Orval anachita kuonjeza.

Mkulu wake Emil ali moyo zinthu zinkayenda, poti Emil ankalankhulira onse awiri, Orval n'kumangogwedeza mutu. Emil atamwalira, pafamupo panatsala Orval, ng'ombe zake, chimanga cholekeza pomwe maso alekeza, ndi mjigo woyendera mphepo umene unaima pafupi ndi zenera la kukhitchini. Mjigowo unkalira kwii, kwii tsiku lonse. Wouthira girizi anali Emil, chifukwa Orval akakwera pamwamba ankachita chizungulire.

Masiku amenewo mafamu onse a mumsewu mwathu anali pa waya umodzi wa lamya. Ikalira kwa wina inkalira m'nyumba zonse, khomo lililonse ndi kaliridwe kake, ndipo lamulo linali loti ya eni osanyamula. Masana aliwonse Hulda Brandvold ankaimbira mnzake Vlasta Hruska, ndipo masana aliwonse Orval ankasiya ntchito, n'kunyamula lamya mwakachetechete, mpweya atagwira.

Anaphunzira zambiri mwakubamo: kaphikidwe ka chitumbuwa cha maapozi, mankhwala a ng'ombe yotupa mimba, ndi mwana wa yani amene wayamba kuyenda ndi wa yani. Ankaseka osatulutsa mawu. Kunena zoona, munthuyu anali wosungulumwa koopsa, ndipo nthawi yokhayi ndi imene ankadzimva kuti ali pakati pa anthu. Mantha ake anali amodzi: akadzamutulukira adzasiya kucheza, ndipo nyumba ija idzangoti zii mpaka kalekale.

Chomuwawa chinali mjigo uja, chifukwa unkamuphonyetsa nkhani pokoma penipeni. Tsiku lina m'mawa anazilimbitsa mtima, nakwera, nauthira girizi wosaumira. Masana lamya italira ananyamula monyadira, kuti lero amva mpaka kuphethira kwa diso.

"A Hulda, mwamva?" anatero Vlasta, moni asanamalize.

"Ndimve chiyani?"

"Ndi zomwezo! Kulibe chikumveka. Mjigo wa kwa a Dahlke uja, umamveka pawaya daily uja, uli kuti?"

"Mayo ine! Komatu mphepo ilipo, zochapa zanga zikuuluka pachingwe. Ndiye kuti lero a Dahlke sananyamule."

"Munthu woti chimwalirire mkulu wake sanajombepo? Ayi, pali china chake."

Orval anamva nkhope ikutentha. Anafuna kubwezera lamya ija, koma dzanja linakana.

"Ine ndimati lero ndibwereze za chitumbuwa chija pang'onopang'ono," anatero Hulda. "Ulendo watha ndinathamanga, ndipo Lamlungu jekete lawo linkanunkha zopserera."

"Nanga za ng'ombe yotupa zija mumayesa ndinkauza inu? Muli ndi ng'ombe inu, kupatula amuna anuwo?"

Anaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali.

"Anthu amati ndi odzikonda," anatero Hulda.

"Odzikonda pati? Mawu ali nawo bambo aja, odzaza m'chifuwa. Wowatulutsira ndi amene anapita."

Orval anatsamira khoma. Chimene iye ankalephera kudzifotokozera zaka zonsezi, Vlasta, mayi woweta nkhuku chabe, anachinena ngati akunena za mvula. Misozi inalengeza, ndipo sanaipukute.

"Mwina agwa m'khola," anatero Vlasta. "Dikirani ndiitane bambo a kuno, asiye kulimako athamangireko."

Apa panalibe pothawira. Kukhala chete kukanatanthauza kuzula munthu pamunda chifukwa cha bodza. Orval anatsegula pakamwa, mawu n'kutuluka ngati chitseko chadzimbiri.

"Ndilipo."



"A Dahlke!" anakuwa Hulda. "Manyazi mulibe, bambo wamkulu kumvetsera nkhani za azimayi? Nanga mjigo mwautani?"

"Ndauthira girizi."

"Anakutumani ndani? Mwatsala pang'ono kutipha ndi mtima!"

"Lamlungu mubwere mudzadye kuno," anatero Vlasta, "mudzaone chitumbuwa chosapserera."

 "Emil ankachikonda chimenecho," anatero Orval. Chiikire maliro, aka kanali koyamba kutchula dzinalo pamaso pa munthu.

Lamlungu anapitadi. Anadya kwambiri, nalankhula pang'ono, paja nkhuni yokalamba siwongoka tsiku limodzi. Koma Lolemba anakweranso mjigo uja, chizungulire chili chomwecho, atanyamula sanza ndi palafini, napukuta girizi yense.

Kuyambira pamenepo Hulda akaimba ankayamba ndi kuti, "Mwaswera bwanji a Vlasta? Mwaswera bwanji a Dahlke?" Masiku ambiri unkayankha ndi mjigo. Masiku ena ankayankha yekha.