Nyimbo ya a Nyirenda inatulukira m'sipika

Ntchito yokonza mafoni ndinaipeza kudzera mwa azakhali anga, amene ankagulitsa mandasi pafupi ndi kashopu ka a Dikisoni ku Biwi. Anawauza kuti kunyumba kuli mtsikana wongokhalira kumasula mawayilesi a eni ake, bola amutenge asanamalize onse.

Poyamba a Dikisoni sankandilola kugwira ayironi yowotcherera. Yanga inali kuika nyimbo m'makhadi, komanso kuwatopetsa ndi mafunso. Chinkandizunguza mutu n'chakuti chilichonse chosungira zinthu m'foni anthu ankangochitcha memore. Tsiku lina a Dikisoni anandimasulira. "RAM ndi tebulo ili, ukazimitsa foni zonse zimasesedwa. Memore ya m'kati ndi kuchipinda. Khadi ndi chikwama, umatuluka nacho." Anandiuzanso kuti foni siiwala Wi-Fi kapena bulutufi imene inalumikizanapo nayo. Ine ndinangoziona ngati nkhani zocheza.

Lachisanu lina kunabwera mayi Nyirenda a ku Kawale, maso ali psuu. Amuna awo, mphunzitsi wa kwaya, anali atamwalira pa ngozi ya kabaza. Anasiya nyimbo yatsopano imene anaijambula okha pafoni, ndipo kwaya inkafuna kuiimba pamaliro mawa lake, thupi lisananyamuke kupita ku Rumphi. Palibe anali ataiphunzira.

"Mwanangu, akuti ili m'kakhadi aka," anatero mayiwo akundipatsa kakhadiko pamodzi ndi foni ya malemuwo.

Ndinakaika mu kompyuta. Munali zithunzi zokhazokha. Nyimbo inali kuchipinda, m'foni momwemo, koma sikirini inali phwanyu, polowera chaja napo popindika. Sikirini ya mtundu umenewo tinaifunsa m'mashopu onse a ku Old Town, osaipeza. Ndinayeza batire ndi mita, moto unalimo wochepa, ndipo ndikadina batani foni inkanjenjemera. Inali yamoyo, koma yopanda maso. Ndinachita mantha, chifukwa batire likanatha basi.

A Dikisoni sanagwire n'komwe sikuludiraiva. Anafunsa, "Amayi, bambo akafuna kumvera nyimbo zawo ankamvera pati?"

"Pa kasipika ka kutchalitchi. Usiku womaliza wa moyo wawo ankangoibwereza yomweyo, mpaka ndinawakalipira."

Anatuma munthu kukatenga sipikayo. Inali yakale, yomangidwa ndi mphira. Titangoiyatsa inalira kamodzi, kusonyeza kuti yapezana ndi foni ija pa bulutufi, popanda aliyense kukhudza kanthu. A Dikisoni anandiuza kuti nditsegule chojambulira mawu pafoni yanga, kenaka anadina batani loimbitsa pa sipikapo. Munamveka kutsokomola, kenaka mawu a bambo Nyirenda akuti, "Soprano, yambani apa."

Mayi Nyirenda anakhala pansi pa simenti. Azakhali anga anasiya mandasi n'kudzawagwira phewa. Ine misozi ili m'maso ndinkangoyang'ana kuti foni yanga isasiye kujambula, pakuti bamboyo anaimba mbali zonse, imodzi imodzi, mpaka besi. Foni ya malemuwo inazima nyimbo itangotha pang'ono. Nyimboyo tinaitumiza kwa atsogoleri a kwaya, ndipo ndinamva kuti anaiimba.

Pano ndili ndi benchi yangayanga ku Area 23. Munthu akabwera ndi foni yoti yafa, sindithamangira kuitsegula. Ndimayamba ndamufunsa kuti inkadziwana ndi chiyani kunyumba, chifukwa nthawi zina chotsegulira chimakhala kasipika komangidwa ndi mphira.