Moni wa Pakhomo la Sitandade 7

Ndinafika pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Biriwiri patangopita zaka zochepa chiyambireni maphunziro aulere. Ndinali nditangochoka ku koleji ya uphunzitsi, ndipo ukwati wathu unali usanathe chaka. Anandipatsa Sitandade 7, kalasi yodzaza mpaka pakhomo, anyamata ena atayamba kale kumera ndevu. Masiku amenewo ukadzudzula mwana ankayankha chapansipansi kuti, "Ndi demokalase, sala." Ndinkaphunzitsa, iwo n'kumayang'ana panja.

Amene anandipatsa nzeru ndi mkazi wanga. Kwawo kunali ku Mlangeni, ndipo anthu a kumapiri kuno ankawadziwa bwino.

"Inu aphunzitsi," anatero tsiku lina akusenda mbatatesi, "ku koleji kuja anakuphunzitsani zonse kupatula moni? Anawo mumawaitana bwanji?"

"Ndi mayina awo."

"A ubatizo? Ndiye mukudabwa chiyani? Munthu wa kuno mukamutchula mfunda wake amafewa, ngakhale akhale wamakani chotani. Mwatchula ndi agogo ake omwe."

Ndinaseka, koma ndinayesa. Ndinafunsa mwana aliyense mfunda wake, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaima pakhomo la kalasi, kupereka dzanja, n'kumutchula monga atchulira munthu wamkulu. Poyamba ankaseka, ena kubisa nkhope. Kenako anayamba kulandira moniwo mwaulemu, dzanja lamanzere litagwira chigongono. Wina ankati, "Sala, dzanja lanu lazizira ngati chule, madamu sanakuphikireni tiyi?" Ochedwa anachepa, chifukwa wochedwa ankapeza moni utatha. Amene sankayankhula m'kalasi anayamba kufunsa mafunso. Ndinkafika kunyumba ndili ndi nkhani zoti ndimuuze mkazi wanga, iye n'kumati, "Malipirowo tizigawana."

Mkazi wanga atayamba kudwala, atsikana a m'kalasimo ankabwera kudzatunga madzi ndi kusesa pabwalo, popanda wowatuma. Mmodzi yekha ndiye ankalowa mpaka kuchipinda: monita wa kalasi, mtsikana wanzeru, wofatsa. Ankamuluka tsitsi mkazi wanga, kumumwetsa phala, ndipo nthawi zina ndinkawamva akuseka awiriwo. Mkazi wanga anamupatsa juzi yake yobiriwira, yomwe inali itamukulira chifukwa cha kuwonda. Ankamutcha mng'ono wake.

Anamwalira nyengo yozizira. Tinakamuika ku Mlangeni, ndipo kalasi yonse inabwera, inaimba bwino. Anthu anandiuza kuti ndili ndi mwayi pokhala ndi ana otere, ine ndinavomera.

Zonse za maliro zitatha ndinabwerera kusukulu. M'nyumba munali zii, ndipo chimene ndinkachiyembekezera chinali chimodzi chokha: kuima pakhomo paja. Ndinaima. Woyamba anafika atagwira makope ake ndi manja onse awiri, nati "Tadzuka bwino, sala," n'kulowa chammbali. Wachiwiri anali atapinda manja m'khwapa. Kunalidi kozizira, ndiye ndinati n'chifukwa chake. Anapitirira motero, wina kuwerama, wina kudzikanda m'mutu, dzanja langa lili m'malere. Kenako anafika monita uja, atavala juzi yobiriwira. Ndinamutchula mfunda wake. Analowetsa dzanja m'kati mwa mkono wa juziyo.

"Ndili ndi bala, sala."

Tsiku lomwelo ndinamuona akusewera fulaye ndi dzanja lomwelo.

Amene anandimasulira ndi mphunzitsi mnzanga, mayi wachikulire wa Sitandade 2. Anadikira ena atatuluka mu ofesi.

"Achimwene, musadzizunze ndi moni uja. Kumidziku zamveka kuti madamu anapita ndi matenda aja, ndipo inunso muli m'njira. Makolo awaletsa anawo kukugwirani dzanja."

"Zamveka kuchokera kwa yani?"

"Ine sindinatchule munthu. Koma akunena za zilonda za kumsana, ndi za beseni lomwe linkakhala pansi pa bedi. Amene ankalowa kuchipinda kwanu ndi angati?"

Chimene mkazi wanga anamwalira nacho ndi nkhani ya iye ndi ine, ndipo sindiilemba pano. Makolowo sindinawaimbe mlandu kwenikweni. Zaka zimenezo mantha anali paliponse, maliro mudzi uliwonse. Koma zilonda zija mkazi wanga ankazibisa ngakhale kwa amayi ake omubereka. Anazionetsa kwa mtsikana mmodzi yemwe ankamukhulupirira, kuti amupake mafuta pomwe ine ndili m'kalasi kuphunzitsa anzake.

Sindinamufunse mtsikanayo. Sindinadzudzule aliyense. M'mawa mwake ndinalowa m'kalasi iwo asanafike, ndinalemba masamu pa bolodi, ndipo anandipeza nditawafulatira. Ndinabwerera ku mayina a ubatizo. Ndinaphunzitsa zonse zoyenera, makope ndinkachonga pa nthawi yake, ndipo ambiri anakhoza. Palibe anaseka m'kalasimo mpaka chaka chinatha.

Nditapempha kusamutsidwa, anandilola. Kutatsala pang'ono kuti ndinyamuke, monita uja anabwera kunyumba atasenza dengu la mbatatesi. Ndinali pakhonde ndikumanga katundu. Anagwada monga mwa mwambo.

"Amayi akuti muyende bwino, sala."

Kwathu kuno mphatso amaipereka m'manja, wolandirayo n'kuilandira ndi manja awiri. Ndinaimirira, ndinatambasula manja. Mtsikanayo anayang'ana manja angawo, kenako anatula dengulo pansi, patsogolo pa mapazi anga, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono.

Mfunda wake unali pamlomo panga. Ndinati, "Zikomo. Ukawathokoze amayi ako."

Galimoto itabwera kudzanyamula katundu, woyendetsa anafunsa ngati dengulo likupita nawo. Ndinamuuza kuti ndi la eni ake.